Mwana akamatupa ndi kubanika, musafulumire kunena kuti n'tsempho

Pali nkhani ina imene ikugwedeza mabanja mwakachetechete koma sitiikamba kawirikawiri patsamba lino. Mwana wayamba kutupa miyendo, nkhope yafufuma, akayenda pang'ono akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Akuluakulu amuyang'ana mwanayo, ayang'ana makolo ake, n'kupukusa mitu. M'mawa mwake ankhoswe aitanidwa, ndipo mlandu wake ndi umodzi: alipo wina m'nyumbamu amene wamusempha mwanayu.

Bambo aloza mayi, mayi aloza bambo. Mbuzi ipita kwa sing'anga, mwana atemedwa mphini pachifuwa, miyezi n'kumapita. Pomwe akuluakulu akukangana kuti wayenda njira zamseri ndani, mtima wa mwana uja ukunka nulefuka.

Makolo anzanga, si kutupa kulikonse kumene kuli kwa mtima. Kusowa zakudya m'thupi, kuchepa kwa magazi ndi matenda a impso nazonso zimatupitsa ana. Koma zonsezi n'zofunika dotolo, ndipo mwa zonsezi matenda a mtima ndi amene timawaiwala kwambiri, poti ambiri timaganiza kuti mtima umavuta anthu akuluakulu onenepa, a galimoto zawo. Ayi ndithu. Mtima umavutanso khanda la masabata awiri, umavutanso mtsikana wa Sitandade 6 wa kumudzi amene sanakwerepo ndi minibasi yomwe.

Mitundu iwiri ikuluikulu

Mtima uli ngati nyumba ya zipinda zinayi. Mbali ya kumanja imatumiza magazi kumapapo kuti akatenge mpweya wabwino, ya kumanzere imalandira magaziwo n'kuwapopera thupi lonse. Pakati pali khoma loti magazi a mbali ziwirizi asasakanikirane, ndipo pali zitseko zinayi zimene zimatseguka ndi kutsekeka kuti magazi asabwerere m'mbuyo.

Ana ena amabadwa nyumbayi ili ndi chilema: khoma lili ndi bowo, chitseko china n'chopanikizika, kapena mitsempha ikuluikulu yalumikizika molakwika. Padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto lotere. Ena amabadwa ndi mtima wabwinobwino, koma zitseko zija zimadzawonongeka ali pasukulu, ndipo chiyambi chake chimakhala zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe.

Madotolo a ana pachipatala cha Gulupu ku Blantyre anawerengapo ana 250 amene anafika kukiliniki ya mtima pakati pa 2009 ndi 2011. Oposa theka anali obadwa nalo vutolo, ndipo lofala kwambiri linali bowo la pakhoma la zipinda zam'munsi. Oposa mmodzi mwa asanu alionse anali a zitseko zowonongeka. Apatu tikunena okhawo amene anakwanitsa kufika ku Gulupu. Nanga amene anathera kumudzi atawatcha a tsempho?

Khanda likamayamwa ngati likulima

Khanda silinena kuti ndatopa. Ntchito yake yaikulu ndi kuyamwa, ndiye ndi pabere pomwepo pamene mayi watcheru amayamba kuona kuti zinthu sizili bwino.

Mwana wa vuto la mtima amayamwa pang'ono n'kusiya, kupuma mwabefu, kuyambanso, kusiyanso. Pamphumi pamatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Kuyamwitsa kumene kwa anzake kumatha msanga, iye kumatenga nthawi yaitali koma osakhuta. Mukapita kusikelo, mzere wa m'buku lake sukukwera, mwezi uno chimodzimodzi, mwezi wamawa chimodzimodzi, chonsecho mkaka mayi ali nawo. Chibayo chimangobwerezabwereza: agonekedwa, atuluka, pakatha masabata ochepa agonekedwanso.

Werengani kapumidwe kake ali phee, osati akulira. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, la miyezi iwiri mpaka chaka ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, kumeneko n'kupuma mofulumira. Kaya n'chibayo kaya ndi mtima, pitani naye tsiku lomwelo.

Pali ana ena amene magazi awo sapita okwanira kumapapo. Poti khungu lathu n'lakuda, musayang'ane pamasaya. Yang'anani lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo. Mukaona kuti m'malo mofiira mwachita bii, motuwira ngati mwana wadya nthudza, chimenecho n'chizindikiro. Akakula pang'ono nsonga za zala zimatupa ngati timitu ta ndodo zoimbira ng'oma. Mwana wotere akamasewera amangoti pang'ono n'kunjuta pansi, kenako n'kudzuka. Anthu amamunena ulesi, koma thupi lake ladziphunzitsa lokha kuti kunjuta kumakankhira magazi ambiri kumapapo.

Tsono nali langizo loti mulisunge. Mwana wotereyu akalira kwambiri n'kuda milomo mwadzidzidzi, kupuma mozama ndi kulefuka, musamuthire madzi, musamugwedeze. Mupindeni miyendo kuti mawondo agunde pachifuwa pake, mumukumbatire choncho, mumutonthoze, ndipo muthamange naye kuchipatala ali chipindire.

Palibe amene walakwa

Mtima wa mwana umaumbika m'masabata asanu ndi atatu oyambirira a pathupi, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Kwa ana ambiri obadwa ndi bowo, palibe chimene mayi kapena bambo anachita kuti zitero. Si chigololo, si mchere umene wina anathira m'ndiwo, si kuti kwa akazi kuli magazi oipa.

Zilipo zina zodziwika zimene zimawonjezera chiopsezo. Mayi akadwala rubella, matenda ofanana ndi chikuku, mimba ili yaing'ono, mtima wa mwana ukhoza kulumala. N'chifukwa chake katemera wa chikuku ndi rubella, amene dziko lino linayamba kupereka mu 2017, ndi wofunika: mtsikana amene wabayidwa lero akuteteza mwana amene adzabereke mawa. Matenda a shuga osasamalidwa, mowa pa nthawi ya pathupi ndi mankhwala ena a khunyu nazonso zimaika mwana pachiswe. Koma mayi wa khunyu asasiye yekha mankhwala. Akambirane ndi achipatala asanaime. Komanso pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amakhala ndi vuto la mtima, choncho mwana aliyense wotere ayenera kuunikidwa mtima ngakhale akuoneka wathanzi.

Zilonda zapakhosi si zocheza nazo

Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa awa ndi matenda oti tikhoza kuwatseka pakhomo.

Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 wadandaula kuti pakhosi pakuwawa, akulephera kumeza nsima, thupi latentha. Mukamuyang'ana kukhosi muli kofiira, mwina muli timafinya toyera, m'khosi mwatuluka mwanabere, koma chifuwa ndi chimfine palibe. Ambiri timatani? Timatuma mnzake kugolosale kukagula Panado, mwinanso timapilitsi tiwiri ta Bactrim. Pakatha masiku atatu kapena anayi mwana wayamba kudya, ife n'kumati wachira.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zina mwa zilonda zimenezi zimayamba ndi kachilombo kotchedwa streptococcus. Thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana nako, koma mwa ana ena asilikaliwo amasokonezeka, n'kuyamba kumenya thupi lawo lomwe: mfundo za mafupa, ubongo ndi zitseko za mtima. Panado amangoziziritsa ululu, ndipo Bactrim sadalirika pochotsa kachilomboka pakhosi. Mankhwala ake ndi penicillin, jakisoni mmodzi kapena mapilitsi a masiku 10 osadumphitsa, kapenanso amoxicillin monga angalembere achipatala. Mwana amene penicillin amamuwenga alipo mankhwala ena omwe amapatsidwa.

Zikapanda kuchizidwa, pakatha masabata awiri kapena atatu mwana uja amatenthanso thupi. Bondo latupa, likuwawa moti safuna ndi kulikhudza komwe. Mawa bondo lapola, ululu wasamukira pakakolo, mkuja uli pachigongono. Ululu woyendayendawu ndi umene umapangitsa anthu kunena kuti mwana waponda mankhwala kapena wina wamuponyera. Ukayezetsa malungo, sapezeka. Chonde, mukafika kuchipatala nenani momveka kuti mwanayu anadwala pakhosi masabata apitawo ndipo ululu ukusamukasamuka. Mawu amenewo okha akhoza kupulumutsa mtima wake.

Mwa ana ena, makamaka atsikana, matendawa amagwira ubongo, mwina patapita miyezi. Mwana amayamba kugwetsa makapu, manja akungogwedezeka okha, nkhope ikuchita tsinya yokha, zolemba zake m'kope zasokonekera. Akagona zimasiya. Kusukulu amakwapulidwa kuti akuchita dala, kunyumba amati ndi mizimu. Si mizimu, ndipo si mwano. Kugwedezekako kumatha, koma ndi chenjezo lakuti mtima uli pangozi.

Mfundo zimapola osasiya chipsera. Mtima ndiye ayi. Nthawi iliyonse imene matendawa abwereranso, zitseko zija zimawonjezeka zipsera, mpaka zimayamba kudontha kapena kuuma osatseguka bwino. Awa ndiwo madotolo amawatcha rheumatic heart disease. Mwana amatopa msanga, amalephera kukwera kachitunda kopita kusukulu, usiku sagona chagada koma chokhala, amatsokomola, miyendo ndi mimba zimatupa.

Matendawa amakonda pamene anthu agona mothithikana, m'nyumba zopanda mawindo okwanira ndi m'mahositelo odzaza. Ndipo amabisala. Kafukufuku amene anachitika pakati pa ana asukulu ku Maputo m'dziko la Mozambique, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2007, anapeza kuti pomvetsera pachifuwa ndi chida cha dotolo chija ankapeza ana awiri okha mwa 1,000, koma pounika ndi makina ankapeza ana 30 mwa 1,000. Ku Lilongwe nako, kafukufuku amene anatuluka mu 2016 ataunika ana 1,450 anapeza kuti oposa atatu mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyambirira za matendawa, eni ake osadziwa kanthu.

Jakisoni wa mwezi ndi mwezi

Mwana akapezeka ndi matendawa, achipatala amamulembera jakisoni wa benzathine penicillin, wobaya masabata anayi alionse, ena atatu alionse. Jakisoniyu sakonza chitseko chimene chawonongeka kale. Ntchito yake ndi kulondera pakhomo kuti kachilombo kaja kasalowenso n'kudzawonjezera chipsera china.

Umboni ulipo. Ku Gulu m'dziko la Uganda anatsatira kwa zaka ziwiri ana pafupifupi 800 amene matendawa anali atangoyamba. Theka ankabayidwa mwezi ndi mwezi, theka ayi. Mwa obayidwa, atatu okha ndi amene matenda awo anakula. Mwa osabayidwa, anali 33.

Tisanamizane, jakisoniyu amawawa, ndipo ulendo wake ndi wautali. Ambiri amabayidwa kwa zaka zosachepera 10 kapena mpaka atakwanitsa zaka 21, ndipo amene zitseko zawo zinawonongeka kwambiri amapitiriza mpaka zaka 40 kapena moyo wonse. Wonena kuti basi lekani ndi dotolo yekha. Vuto limene timaliona ndi lakuti pakatha miyezi isanu mwana wanenepa, akusewera mpira, makolo n'kuti wachira, tisamamuzunze. Paja akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Kusadwala kwakeko ndi umboni woti jakisoni akugwira ntchito, osati woti wathana nawo.

Tsiku la jakisoni mwana adye ndipo amwe madzi asananyamuke, asabayidwe ndi njala. Funsani anamwino ngati angasakanize ndi mankhwala ochititsa dzanzi kuti ululu uchepe. Akabayidwa musathamangire minibasi, khalani pabenchi kwa mphindi 30 kuti ngati pali chovuta achipatala achione. Ngati mwana wanu mtima wake ndi wofooka kwambiri kapena anakomokapo pobayidwa, auzeni adotolo, chifukwa ana ena otere amawasinthira ku mapilitsi. Lembani tsiku lotsatira pakalendala ya kutchalitchi ija ili pakhomayo. Mukapeza kuti mankhwala atha pachipatala chanu, musangobwerera n'kukhala. Funsani kumene mungawapeze sabata yomweyo.

Poyambira ndi pati?

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, buku la mwana lili m'manja. Fotokozani zonse mwa ndondomeko: anayamba liti, amayamwa bwanji, wagonekedwa kangati, sikelo ikuyenda bwanji. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho ngati mwana wagonekedwa katatu ndi chibayo, funsani mwaulemu kuti, kodi adokotala, mtima wake munaumvetsera?

Akakayikira, adzakutumizani kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko kuchipatala chachikulu monga Gulupu ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Chimene chimatsimikiza matenda a mtima ndi makina otchedwa echo, ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera. Sabaya, sawawa, ndipo sayamwa magazi monga ena amanenera.

Masiku ano chithandizo chayamba kuyandikira kumidzi kudzera m'makiliniki otchedwa PEN-Plus, amene kuno kwathu anayambira m'boma la Neno mothandizidwa ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. M'makiliniki amenewa madotolo othandizira ndi anamwino amaphunzitsidwa kusamalira matenda a mtima, shuga wa ana ndi sickle cell pachipatala cha boma pomwepo. Mu 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa zinagwirizana kuti njira imeneyi ifalikire. Funsani ngati m'boma lanu ilipo.

Dziwaninso kuti si phokoso lililonse limene dotolo wamva pamtima lili matenda. Ana ambiri athanzi ali nalo. Ndipo timabowo ting'onoting'ono tambiri timatsekeka tokha mwana akamakula. Ngati adotolo anena kuti tingomuyang'anira, sikuti akukukanizani chithandizo. Chofunika n'kubwerera pa tsiku limene akupatsani.

Nanga za opaleshoni?

Bowo lalikulu silitsekeka ndi mapilitsi. Mankhwala monga furosemide, amene ambiri amawadziwa kuti Lasix, amachotsa madzi m'thupi kuti mwana apume bwino, ndipo ena amapeputsa ntchito ya mtima, koma kukonza kwenikweni ndi opaleshoni. Apa nthawi ndi ya mtengo wapatali. Bowo lalikulu likakhala zaka zambiri, magazi othamangira kumapapo amawononga mitsempha ya kumeneko, ndipo pamafika poti ngakhale ndalama zitapezeka, madotolo sangathenso kulitseka. Miyezi imene timataya poyenda kwa asing'anga ndi imeneyo.

Kwa zaka zambiri, ana ofunika opaleshoni yotsegula mtima akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, kudzera ku Unduna wa Zaumoyo kapena mabungwe achifundo. Mzere wake ndi wautali, ndipo si onse amene amafikiridwa. Dzina la mwana limalowa pamndandanda kudzera kwa madotolo a chipatala chachikulu, ndiye amene sapita kukiliniki sadziwika. Onetsetsani kuti achipatala ali ndi nambala ya foni imene imagwira. Sungani bwino zikalata za echo m'pepala la pulasitiki. Ndipo chenjerani ndi atsizinamtole amene angakuuzeni kuti mupereke kangachepe kuti mwana adumphe mzere.

Amene wapangidwa opaleshoni ya chitseko asaganize kuti ulendo watha. Jakisoni uja amapitirira. Amene amuika chitseko chachitsulo amamwa mankhwala a warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane, ndipo amayenera kuyezetsa magazi pafupipafupi.

Kusamalira mwanayu pakhomo

Khanda lotopa msanga liyamwitseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mutalinyamula mokweza mutu. Likayamba kudya, phala likhale la nsinjiro, la dzira kapena lothira kamafuta, poti mtima wodwala umadya mphamvu zambiri. Wamkulupo amene akutupa muchepetsereni mchere, muchepetsenso tchipisi ndi zokhwasula zam'mapaketi. Katemera alandire yense. Agone m'neti, chifukwa malungo ndi kuchepa kwa magazi zimaulemetsa mtima wofooka kale.

Mano musawaiwale. Tizilombo ta m'mano obooka timalowa m'magazi n'kukamanga msasa pachitseko chodwala, ndipo matenda ake ndi oopsa. Azitsuka mano kawiri patsiku, ndipo pokachotsa dzino muwauze achipatala kuti mwanayu ali ndi vuto la mtima. Mphini nazo zimatsegulira tizilombo njira yomweyo. Zilonda zapakhungu ndi mphere zichizidwe msanga, chifukwa kachilombo kapakhosi kaja kamakhalanso m'menemo.

Sukulu asasiye. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake, muwafotokozere kuti akatopa apume, asamupatse chibalo chokumba dzenje kapena kuthamanga kuzungulira bwalo, ndipo tsiku la jakisoni asamulembe kuti wajomba. Komanso musamusandutse dzira. Ambiri mwa ana amenewa akhoza kusewera ndi anzawo. Adotolo ndiwo angakuuzeni malire ake.

Kwa inu amayi ndi anankungwi, mtsikana wa vuto la mtima akatha msinkhu muuzeni zoona. Pathupi pamawonjezera kwambiri magazi oti mtima upope, ndipo alipo atsikana amene matenda awo amadziwika koyamba ali ndi pakati, zinthu zitathina kale. Warfarin nayenso akhoza kuvulaza mwana m'mimba. Sikuti sangadzakwatiwe kapena kubereka ayi, koma mimba yake iyenera kukhala yokonzekera pamodzi ndi adotolo, ndipo akachilire kuchipatala chachikulu. Mwamuna womufunsira adziwe zimenezi ukwati usanachitike.

Mawu kwa abambo ndi ankhoswe

Pabenchi ya kukiliniki ya mtima mukapezapo amayi ndi agogo aakazi, abambo ndi owerengeka. Ena anathawa atamva kuti matendawa ndi a moyo wonse, ena akuti kwathu kulibe zotere. Bambo, mwanayo ndi wanu. Ndalama ya thiransipoti ya mwezi ndi mwezi iikeni padera monga muchitira ndi ya feteleza. Mwezi wina mupite naye ndinu, mukamve nokha zimene adotolo akunena, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Inunso ankhoswe, akakuitanani pa mlandu wa mwana wotupa, funso lanu loyamba likhale lakuti, kodi kuchipatala mwapita naye? Za m'banjazo mudzakamba bwino mwana ataunikidwa. Pemphero nalo ndi labwino, tonse timalifuna, koma wina asakuuzeni kuti kutaya mankhwala ndiye chikhulupiriro.

Ndipo sabata ino, mwana wanu kapena wa mnansi wanu akati pakhosi pakundiwawa, thupi n'kutentha, musamutume kugolosale. Mutengereni kuchipatala, ndipo mankhwala akakupatsani amalize onse.